Masupuni Angati?

"Tawerenga apa, mwanangu. Ndimumwetse masupuni angati?"

Mayi anamupatsa botolo la mankhwala, kumsana atabereka khanda lotentha thupi. Iwo sukulu sanapiteko, koma mwana wawoyu anali Sitandade 4.

Mtsikanayo anayang'anitsitsa pepala la pabotolopo. M'kalasi mwawo munali ana oposa zana, ndipo buku linali limodzi, la aphunzitsi. Aphunzitsi akawerenga, onse ankabwereza mokweza, iye kuposa anzake. Koma apa panalibe womutsogolera.

"Fulumira, iwe. Si paja umatiimbira buku lonse pamtima?"

Khanda linatsokomola. Mayi anali atagwira kale supuni.

"Atatu," anatero mtsikanayo, osadzutsa mutu.

Mayi anayamba kuthira.