Ndondocha Imene Inatchula Dzina la Stafford

Panali munthu wina wa ku Mchinji, dzina lake Stafford, amene ankagwira ntchito ya ulonda pa hotela ina ku Dubai Festival City. Akuti zinachitikadi. Amene anandiuza anazimva kwa mayi amene analipo.

Stafford anachoka kumudzi atakangana ndi amalume ake pa nkhani ya munda. Tsiku lotsanzika, amalumewo anangoti, "Pita mphwanga. Ngakhale uwoloke nyanja, anyamata anga akakupeza." Mudzi wonse unkanong'ona kuti mkuluyo amaweta ndondocha, anthu akufa odzutsidwa ndi mankhwala kuti aziwatuma. Choncho Stafford anakwera ndege ali ndi chithumwa m'chiuno, ndipo kwa zaka zitatu sanachivule.

Ku Dubai anapeza chibwenzi, Everlyn, wolera ana ku Al Mankhool. Anagwirizana kugwira ntchito zaka zina ziwiri kenako akamange banja kumudzi. Everlyn ankamudziwa mnzakeyo kuti ndi wa mtima wapachala, ndiye ankamukumbutsa kawirikawiri: "Dziko lino mukangomenya munthu, ndi ndende, kenako ndege. Mudzandisiya ndekha kuno."

Lamlungu lina abwana a Everlyn anamupatsa matikiti awiri a masewera a eyasofuti. Awa ndi masewera a mfuti zoombera timipira ta pulasitiki. Amakulowetsani m'chinyumba chamdima, anthu odzipenta ngati mitembo, amene amawatcha mazombi, n'kumakuthamangitsani, inu muziwaombera. Kwa onse awiri kanali koyamba.

Anafika masana dzuwa likuswa mtengo, cha kufupi ndi Dubai Sports City. Pakhomo anawapatsa magalasi otchinga maso ndi mfuti, ndipo aliyense anamumata kapepala pachifuwa. Mtsikana woyang'anira anayamba kufotokoza malamulo. Stafford anali pakona, akudzijambula ndi mfuti kuti atumize kwa anzake.

"A Stafford, tabwerani mudzamve," anatero Everlyn.

"Iwe habibi, wokondedwa wanga, ine wa sekyuliti andiphunzitse chiyani? Mfuti ya ana iyi?"

Mtsikanayo ananena zinthu zitatu. Mazombi ndi antchito, osawakhudza. Aziwerenga maina pachifuwa n'kumakuitanani kuti muope. Mantha akakula, kwezani dzanja n'kukuwa kuti khalas, magetsi ayaka. Stafford sanamve ngakhale chimodzi.

"Yalla, lowani!" anatero mtsikanayo.

M'katimo munali utsi ndi kulira kwa masayirini. Poyamba zinkakoma. Stafford anagwetsa mazombi anayi akuseka. Kenako panjira yokhota anasiyana ndi Everlyn, timipira tinamuthera, ndipo anapezeka yekha m'kachipinda kopanda potulukira pena.

Pakhomo panaima zombi lalitali, malaya ong'ambika, magazi ali chuchuchu kukamwa. Ameneyu anali Edwin, mnyamata wa ku Chipata, amene anangoyamba ntchitoyo mwezi womwewo. Anali atawamva awiriwo akulankhula chinenero cha kwawo ndipo mtima wake unasangalala. Anati amusereule m'bale wakeyu pang'ono, akatuluka akapatsane manambala. Anawerenga kapepala kaja, n'kukokera mawu pansi.

"Stafooodi... takupeza. Tiye kumudzi."

Stafford anabwerera m'mbuyo. Dubai muno, mumdima muno, chinthu chakufa chikumutchula dzina m'Chinyanja! Anagwira chithumwa chija. M'maganizo anaona nkhope ya amalume ake.

"Wakutuma ndani?" anakuwa. "Ukawauze kuti sindifa ine!"

Anatembenuza mfuti n'kumumenya nayo kukamwa. Mano awiri anagwa pansi. Edwin anagwada atagwira pakamwa, koma Stafford anamumenyanso m'mutu mpaka mfuti inathyoka pakati. Anamukhalira pachifuwa, n'kuyamba zibakera. Magalasi otchinga maso amene Edwin anavala anasweka, chidutswa chinalowa m'diso.

"Bakamba, ni maseŵera! Nine munthu! Mayo, diso langa!" Edwin anakuwa m'kalankhulidwe ka kwawo.

Stafford sanamve. Magazi opaka ndi magazi enieni anasakanikirana, ndipo mumdima amafanana. Everlyn anafika akuthamanga, anamukoka malaya, koma chigongono chinamupeza pamphuno nayenso n'kugwa. Ali pansi pomwepo anakweza dzanja.

"Khalas! Khalas!"

Magetsi anayaka. Pansi panalibe ndondocha. Panali mwana wa munthu, akupuma movutika, akuitana amayi ake.

Alonda atatu anamupanikiza Stafford pakhoma podikira apolisi. Iye anacheukira kwa Everlyn. "Everlyn, inanditchula dzina. Inalidziwa bwanji dzina langa?"

Everlyn, magazi akutsika m'mphuno, anatambasula dzanja n'kumatula kapepala kaja pachifuwa pake. Anamuonetsa. Panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: STAFFORD.

"Komanso inu," anatero akulira, "si paja kwanu mumati ndondocha amaidula lilime? Inalankhula ndi chiyani?"

Agogo anga akanamva zimenezi akanati: chilape! Kanthu kali pachifuwa pako, onse akukawerenga, mwini wake yekha osakaona.

Edwin diso lija silinaonenso. Stafford anakhala m'ndende, ndipo atatuluka apolisi anamuperekeza mpaka pa ndege ndi kachikwama kamodzi. Everlyn adakali ku Al Mankhool, akulera ana a eni ake, yekha monga ananenera. Akuti Stafford atafika ku Mchinji anapeza amalume aja ali pakhonde akusenda chinangwa. Anamuyang'ana n'kunena kuti, "Wabwera? Inetu sindinatume munthu."

Phunziro: Ukafika pamalo pachilendo, tseka pakamwa, ika foni m'thumba, umve malamulo ngakhale akunena ndi mwana. Mantha amene unanyamula kuchokera kumudzi angakubweze kumudzi popanda wokulodza. Tumizani uthengawu kwa abale onse amene ali kunja, wina asadzalire m'ndege.