Tambula ya Mzamba

Ataweruka kuchipatala, mzamba anakakhala pakona m'bala, yunifolomu ataibisa m'juzi. Wogulitsa anamubweretsera zamasiku onse: soda, kajini pang'ono, ndimu ndi ayezi.

"Lero mwalematu, asisi."

Mzamba anakokera tambulayo pafupi. Masana omwewo anali atakulunga m'nsalu khanda lomwe linabadwa osalira, ndipo silinalirenso.

Asanalawe n'komwe, munalowa bambo wa malaya ofiira, atapanira beseni latsopano la mwana m'khwapa. Mzamba anamuzindikira. Ndi amene anabweretsa mayi wa khanda lija m'mawa.

"Mpatseni aliyense chomwe akumwa! Apongozi aimba kuti ndifike msanga. Basitu, ndine bambo!"

Atatembenuka anamuona mzamba uja.

"Aa, anesi! Si inu munatilandira? Tandiuzeni, wamwamuna kapena wamkazi?"

Nkhani zotere sanenera pafoni, sanenanso pamowa. Mzamba anakankhira tambula yake pambali.

Wogulitsa anatsegula botolo n'kuliika patsogolo pa bamboyo. Mzamba anaimirira n'kutseka kukamwa kwa botololo ndi chikhatho.

"Musamwe, achimwene. Tiyeni ndikuperekezeni."

Bamboyo anayang'ana dzanjalo, kenako nkhope ya mzamba. Beseni lija linapulumuka m'khwapa n'kugwa pansi.