Madzi a M'dzanja

Hasnah anaima pakhomo pa kanyumba kodyera ka Zaitun. Mpango anaumanga zolimba ngati wopita kumlandu. Njinga yamoto ya amuna ake, aKamarudin, inali apo pansi pa mtengo wa mango, yosabisa n'komwe. Manyazi adathera kutali!

Zaka makumi atatu ndi zisanu bamboyo sanadyepo nkhomaliro kwina. Nanga muno m'tauni ya Muar ndani sadziwa? Mwamuna amamangidwa ndi madzi a m'dzanja la mkazi wake, kukoma kuja kotsika m'zala n'kulowa mumphika. Akazolowera dzanja lina, mtima umatsata mimba. Tsono masiku ano aKamarudin ankafika kunyumba ali chikhutire, malaya akununkha bwemba, zikhadabo zili chikasu, chala chachikulu chomanga kansanza. Ati anadzicheka pokonza njinga. Njinga yake iti yonunkha anyezi?

Inde, Hasnah mphika unkamupserera masiku ano. Tsiku lina anathira mchere kawiri, kaya katatu. Mwana wawo Suhaila anachita kumubisira machesi, ati amayi muzipuma. Koma mwamuna n'kuthawa banja chifukwa cha mchere? Ayi, chifukwa chake chinali Zaitun, wamasiye wa masaya osalala uja. Nkhani za mkazi wachiwiri zimayamba chonchi, ndi mbale ya mpunga.

"Achemwali anga Hasnah, takulandirani! Khalani apa, pakupita kamphepo," anatero Zaitun akupukuta manja.

Taonani, akudziwa ndi dzina lomwe! Pampandopo panali kapilo kochirikiza msana. Asanaitanitse kanthu, tiyi anafika, wopanda shuga, monga adanenera adokotala. Ndiye kuti nkhalamba ija idaulula zonse, za msana wake, za matenda ake, mwina ndi mkonono womwe. Awiriwa ayenera kuti amamuseka akakhuta.

Anamwaza maso pa matebulo asanu a m'kanyumbamo. Panali madalaivala awiri a malole, akukanya mpunga ndi manja, thukuta lili kamukamu. AKamarudin panalibe. Ndiye kuti ali kuseri kwa katani, kophikira, kumene mlendo salowa. Chabwino. Ayambe walawa kaye chimene chamulanda mwamuna.

Anatenga mbale, napakula mpunga, nayenda pamzere wa ndiwo. Nkhuku ya msuzi wa kokonati anaidutsa. Masamba aawisi ndi tsabola wosinja pamwala anatapako pang'ono, pofuna kupeza chonyoza. Kumapeto kunali nsomba ya msuzi wofiira wa bwemba, therere likuyandama pamwamba. Chakumchira, mbali imene iye amaikonda, wina anali atachipatulira m'kambale pambali. Anachitenga dala, amene anasungiridwayo alire.

Anasamba m'manja ndi madzi a m'ketulo ya patebulo, nati bisimila, naika mpunga mkamwa.

Mayo! Unali msuzi wake.

Wake weniweni. Tsabola wokazinga mpaka mafuta atayandama, ndiye pansi pa kuwawasa kuja kachidutswa ka chinanazi chosapsa, chinsinsi cha malemu mayi ake. Chinsinsi chimenechi anakaniza mpongozi wake, anakaniza mlamu wake pa ukwati wa Suhaila mpaka anakhala chaka osalankhulana. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaima kumbuyo kwake akamaphika, akuba therere mumphika. Lero wachinyamula n'kukachipereka kwa mkazi wina ngati mphete ya chitomero.

Misozi ya nsanje inalengeza. Chom'pweteka kwambiri n'chakuti msuziwo unali wokoma. Anadyanso kawiri, kenaka anamenya tebulo.

"Iwe Zaitun! Mwamuna wandilanda, ukufunanso mphika wanga? Ulibe mayi ako okuphunzitsa kuphika? Muitane atuluke, andiyang'ane m'maso muno!"

Madalaivala aja sanadzutse ndi mutu womwe. Mmodzi anangopempha mnzake kuti amupatsire tsabola. Zaitun naye sanakwiye. Anapita kukakoka katani mwakachetechete.

Kuseriko kunalibe tebulo la awiri. Kunali aKamarudin, dalaivala wa basi wopuma pantchito, munthu amene moyo wake wonse sanawiritsepo ndi madzi omwe. Anali atamanga nsalu m'chiuno, chipande chili m'manja, maso ali psuu ndi utsi wa tsabola.

"Amake Suhaila, mwafika?" anafunsa mwachidwi. "Wakoma bwanji lero? Dzulo munati sunawawase mokwanira."

"Dzulo?"

Zaitun anamukonzera kapilo kaja, namugwira paphewa. "Mwezi wachitatu uno, achemwali. Mumabwera tsiku lililonse, mumakhala pampando womwewu, n'kunditukwana mawu omwewa. Ine ndimangobwereketsa moto."

AKamarudin anagwada pambali pake, namuonjezera msuzi. "Lawaninso, mundiuze chasowa. Mutu wayamba kuiwala, koma lilime lanu likukumbukabe. Ndikufuna ndiupeze msuzi wanuwu nalonso lisanaiwale."