Mwana Pamapazi a Amfumu

"Musandiletse, bakapaso! Mwana akufa uyu!"

Mwaka anakankha kapaso, msilikali wa mfumu, pachipata, n'kuthamangira pansi pa mtengo wa mango pamene amfumu anali kuweruza mlandu wa malire a munda. Anagoneka mwana wake Exildah pamapazi awo. Njoka inali itamuluma m'chimanga, ndipo mwendo unali utatupa mpaka m'bondo.

"Amfumu, anakuikani pampando ndi Mulungu, inu akumverani. Muuzeni asanditengere mwana wanga."

Amfumu, amene chaka chatha chomwechi anali kuyendetsa minibasi ya ku Lusaka, anayang'ana milomo youma ya mtsikanayo.

"Amayi," ananong'ona, "ine anandisankha ndi azakhali anga, chifukwa akulu anga amamwa kwambiri."

"Musatero, amfumu! Ndilibe kwina kopita ine."

Galimoto ya kunyumba yachifumu inalibe mafuta. Amfumu anavula mkanjo, analanda njinga ya kapaso, n'kubereka mwanayo ndi chitenje cha mayi ake. Anapalasa mpaka kuchipatala cha Mpanshya, akulira mokweza njira yonse: "Ambuye, chonde! Ambuye, chonde!"

Exildah anachira.

Lachisanu m'mawa amfumu anatuluka m'nyumba akutsimphina, msana ukuwawabe. Anapeza bwalo litadzaza odwala, ena atagona pamphasa, ena m'mawilibala. Mwaka anali kutsogolo, akuwalimbikitsa.

"Musadandaule. Ndinamva ndekha ndikuthamanga kumbuyo kwawo. Anangolankhula naye panjira basi, Mulungu n'kumvera."