Mfuko Akapala Moto kwa Njiri

Padangotero, Njiri ankapangira nyama zonse magetsi ndi ng'anjo ya yureniyamu, yovundikira zolimba kuopa kuphulika. Mfuko, pokumbakumba mwachidwi, anapeza mwala wotchedwa toriyamu nausakaniza mumchere wosungunuka, n'kupanga ng'anjo yakeyake. Nyama zinasonkhana kuti zisankhe ng'anjo yabwino.

"Achimwene, yanuyo yatha ntchito," anatero Mfuko. "Yangayi ikatenthetsa, chotsekera chapansi chimasungunuka, mchere n'kutsikira m'dzenje, n'kuuma, osaphulika."

"Yatsani tione," anayankha Njiri.

Mfuko anauzira, anakupiza, koma magetsi osatuluka. Atafufuza, anazindikira kuti toriyamu sayaka yekha, amayamba wapatsidwa moto wa yureniyamu. Anatola phale, ulendo kwa Njiri, nyama zonse zikumuyang'ana.

"Odi! Ndadzapala moto."

"Lowani, achimwene," anatero Njiri. "Yotha ntchito ija ili apo."