Sindilakwa ndi Gemu Yake Yosagulidwa

Panali munthu wina, ndipo amene anandiuza akulumbira kuti zinachitikadi, yemwe anali ndi kakampani kopanga magemu a pa TV. Antchito ake ankamutchula kuti Sindilakwa, koma chakumbali, chifukwa bamboyu kapu ikamupulumuka ankadzudzula wotsuka kuti wasiyamo sopo.

Kunatuluka makina atsopano osewerera magemu, opangidwa ndi kampani ina yaikulu. Makinawa anakondedwa ndi mabanja: bambo, mayi ndi ana pa sofa imodzi, aliyense rimoti m'manja. Sindilakwa anaganiza zokonza gemu yake ya mpikisano wa njinga kuti izisewereka pamakinawo. Ntchitoyi anaipereka kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, ndi anzake awiri.

"Alamu, tipatseniko miyezi ina iwiri," anatero mlamuyo. "Mbali yoti anthu awiri azipikisana sitinamalize."

"Ichotseni. Gemu ituluke mwezi uno."

"Koma ogula makinawa amasewera ali gulu."

"Azisinthana! Kodi njinga yeniyeni amapalasa anthu angati?"

Gemu inatulukadi. Magemu a eni makinawo ankatha m'masitolo ngati shuga wotsika mtengo, koma ya Sindilakwa inangokhala pashelefu n'kumadya fumbi. Bamboyu anapsa mtima. Ati eni makina ndi odzikonda, amatsatsa zawo zokha. Ati ogula ndi nkhosa, amangotsata dzina. Ati eni masitolo amaika gemu yake m'munsi dala. Anapezanso anzake a timakampani tina odandaula zomwezo, ndipo kunena zoona, pa zina sankanama. Basi analemba kalata yolengeza kuti pamakinawo wasamba m'manja, komanso kuti Lolemba mlamu wake ndi anzake aja ntchito iwathera. Mlamuyo n'kuti ali ndi khanda la milungu itatu.

Loweruka masana anawerengera mkazi wake kalatayo pabalaza, mawu atakweza. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayatsa TV n'kuikamo gemu ya njinga ija.

"Bambo, kalata yamveka. Koma musanawachotse ntchito anthuwa, tiyeni tiisewereko limodzi. Chitulukireni sindinaigwirepo."

Mayiyo anamupatsa rimoti yachiwiri.

"Gemuyitu ndi yosinthana," anatero Sindilakwa.

"Chabwino, dikirani ndigwe."

Mayiyo sanagwe. Anakwera zitunda, anakhota makona, uku akudzichemerera yekha. Sindilakwa anangokhala duu, rimoti yopanda ntchito ili pamiyendo. Anayasamula, anatsegula foni, anapita kukamwa madzi, pobwera anapeza mayi akupalasabe. Kenako pakamwa panamupulumuka.

"Aa, mayi, zatopetsa izi! Tangoikani ija ya magalimoto, ya eni makinawa, tisewere tonse."

Mayiyo anaimitsa gemu n'kumuyang'ana.

"Mwati ya ndani?"

Paja fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Sindilakwa anayang'ana rimoti, anayang'ana kalata yake patebulo, manyazi n'kumugwira. Kenako anayamba kuseka, mkazi wake n'kumuthandiza, mpaka onse misozi m'masaya. Madzulo amenewo anasewera ya magalimoto ija, ndipo mayi anamugonjetsa kanayi.

Lolemba m'mawa anaitanitsa atatu aja ku ofesi yake. Mphekesera zinali zitawapeza kale, moti mlamuyo analowa atanyamula katoni ya katundu wake.

"Alamu, paja munati miyezi ingati?"

"Iwiri."

"Tengani itatu. Ndipo katoniyo kaibwezeni komwe mwaitenga, ikuphimba khomo."

Mlamuyo anathamanga kukabweza katoni ija ali ndi chisangalalo. Gemu yokonzedwayo itatuluka siinapose ya eni makina, ayi, tisanamizane. Koma inayamba kuchoka pashelefu, ndipo atatu aja mpaka lero akugwirabe ntchito pamadesiki awo omwewo.

Phunziro: Malonda ako akamakanidwa, usanaloze chala wamkulu wa msika kapena ogula, yamba wakhala pampando wa wogulayo n'kulawa chomwe ukugulitsa. Ena akhoza kukhaladi ndi mbali yawo, koma yomwe ungakonze ndi yako, ndipo usalange wantchito pa chinthu chomwe anakuchenjeza. Tumizirani abwana anu ngati muli olimba mtima, apo ayi gawirani anzanu onse ochita malonda.