Batani Lobwerera M'mbuyo

"Mausi ndi ya ongophunzira kumene, atsibweni," anatero Milton, laputopu ili pamiyendo. "Ife timayenda ndi mabatani basi."

Anali atabwera ku Likoswe kudzaonekera kwa a Kalinde, atsibweni ake a Ellina, ndipo ankafuna aone kuti mwana wawo sakukwatiwa ndi munthu wamba. Zala zinavina, foda ya zithunzi za Ellina n'kutseguka.

"Nanga mukafuna kubwerera komwe mwachokera?" anafunsa a Kalinde.

"Zosavuta! Alt ndi kamuvi koloza kumanzere."

Anadina asanaganize. Kompyuta, posadziwa ulemu wa kwa apongozi, inabwereradi mufoda yomwe anatsegula ali m'minibasi: "Joanna Wanga". Zithunzi zinati mbwee, Milton atamukoleka Joannayo dzanja m'khosi, atavala shati yomwe anam'gulira Ellina.

Ellina anaika pansi thireyi ya tiyi.

A Kalinde anavala magalasi, nasendeza mpando. Ndi zala zawo zokakala ndi khasu anadina okha mabatani awiri aja. Panatseguka "Pililani Wanga".

"Zimathamangadi," anatero. "Ellina, khala apa. Tibwerere mpaka komwe anayambira."